Kusowa mwana m'banja: abambo ena anabadwa nalo vutoli, ndipo gondolosi sangalithetse

Mu Epulo 2023, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lonena kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina m'moyo wake. Mu Novembala 2025, bungweli linatulutsanso ndondomeko yake yoyamba yolangiza mayiko momwe angapewere vutoli, kuliyeza ndi kuthandiza amene ali nalo. Nkhani zoterezi zikafika kuno kwathu zimasanduka nkhani za amayi. Amene amapita kuchipatala ndi mayi, amene amamwetsedwa zitsamba ndi mayi, amene amanenedwa kuti chumba pamjigo ndi mayi yemweyo.

Chonsecho madokotala akhala akunena kwa zaka zambiri kuti pa mabanja amene akusowa mwana, pafupifupi theka vuto limakhala kumbali ya bambo, kaya payekha kapena pamodzi ndi mkazi wake. Ndipo pakati pa abambowa pali gulu lina limene sitilikamba n'komwe. Awa ndi amuna amene sanadwalepo matenda opatsirana pogonana ndipo sanavulalepo, koma thupi lawo silipanga mbewu chifukwa cha mmene linaumbikira iwo ali m'mimba mwa amayi awo.

Mkamwini wopanda mwana

Kulemera kwa nkhaniyi kumaoneka bwino m'boma ngati la Mulanje. Kalembera wa 2018 anapezako anthu oposa 680,000, ambiri mwa iwo Alhomwe ndi Amang'anja, ndipo ukwati wofala ndi wa chikamwini. Mwamuna amasiya kwawo n'kukamanga pamudzi pa mkazi. Munda ndi wa akuchikazi, ana ndi mbumba ya amalume awo. Chimene mkamwini amabweretsa pamudzipo, kupatula mphamvu zolimira kapena kandalama ka kuesiteti ya tiyi, ndi ana. Chaka chikangotha popanda chooneka, apongozi amayamba kufunsa mokuluwika, kenako ankhoswe amaitanidwa.

Mwamunayo amadziwa bwino chimene chingachitike zitadziwika kuti vuto ndi lake. Akhoza kuuzidwa kuti alongedze abwerere kwawo, ndipo dzina loti gojo, kapena loti anagwa m'papaya, lidzamutsatira mpaka pamsika pa Chitakale kapena pa Limbuli. Ndiye amakana kukayezetsa. Ena amamusiya mkaziyo n'kukalowa chikamwini mudzi wina, kumenekonso n'kutha zaka zitatu popanda mwana, n'kumadandaula kuti ali ndi tsoka lokwatira akazi osabereka.

Ngakhale pamene anthu avomereza kuti vuto ndi la mwamuna, mlandu umapezabe njira yobwerera kwa munthu wamkazi. Amati amayi ake sanasamale iye ali wakhanda, mchombo unagwera pamaliseche. Chikhulupiriro chimenechi n'chofala, koma kachidutswa kouma ka mchombo kalibe mphamvu iliyonse pa ziwalo zoberekera. Pamene vuto lili la chibadwa, limakhala litakhazikika miyezi isanu ndi inayi mchombowo usanadulidwe n'komwe.

Mphamvu za kuchipinda si mbewu

Tisanapite patali, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Kutha kugona ndi mkazi ndi china, kutha kupereka mimba ndi chinanso. Umuna umene bambo amatulutsa, mbali yaikulu ndi madzi ochokera ku ziwalo zina za m'kati. Timbewu tenitenito timapangidwa m'machende, timatenga kagawo kakang'ono kwambiri ka madziwo, ndipo sitioneka ndi maso. Ganizirani bambo amene anasankha njira yolera yotseka abambo. Amakhala ndi chilakolako ngati kale, amatulutsa umuna wooneka ngati kale, koma mulibe mbewu.

Pali amuna amene amabadwa ali choncho popanda opaleshoni iliyonse. Pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 100 alionse alibiretu mbewu mu umuna wake. Akhoza kukhala wojintcha, wolima ekala yathunthu, wosadandaulidwa ndi mkazi wake. Choncho mawu oti "ine ndimagwira ntchito bwinobwino, vuto ndi mayiwa" satsimikizira kanthu.

Majini, koma osati a kwa asing'anga

Madokotala akamati vuto lili m'majini, ena kumudzi amamva kuti munthuyo wagwidwa ndi mizimu. Majini amene tikunena pano ndi ena. Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli malangizo a mmene thupi liyenera kukhalira: msinkhu, khungu, gulu la magazi, kapangidwe ka mbewu. Malangizo amenewa ndiwo majini. Anasanjidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo. Timitolo tiwiri ndi timene timasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mkazi amakhala ndi X ndi X, mwamuna amakhala ndi X ndi Y. Mayi nthawi zonse amapereka X, ndipo ndi mbewu ya bambo imene imabweretsa X kapena Y. Abambo amene amakalipira akazi awo chifukwa chobereka ana aakazi okhaokha, mfundo imeneyi aisunge.

Vuto la chibadwa lodziwika kwambiri pa kusabereka kwa amuna limatchedwa Klinefelter, potengera dzina la dokotala wa ku America, Harry Klinefelter, amene analifotokoza mu 1942. Mu 1959, Patricia Jacobs ndi John Strong ku Edinburgh anapeza gwero lake: mwamunayo amabadwa ndi X wowonjezera, ndiye m'malo mwa XY amakhala ndi XXY, timitolo 47. Zimachitika mwangozi pamene dzira la mayi kapena mbewu ya bambo ikupangidwa. Palibe chimene kholo linadya kapena mwambo umene linaphwanya. Si vuto loyenda m'mtundu, moti abale ake a munthuyo amabereka bwinobwino.

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti mwana wamwamuna mmodzi mwa pafupifupi 600 amabadwa ndi XXY. Tikatenga chiwerengero chimenecho n'kuchiika pa amuna ndi anyamata oposa 300,000 a ku Mulanje, tikupeza anthu ngati 500. Kumeneku n'kungoyerekezera chabe, koma kukutipatsa chithunzi: si vuto la munthu mmodzi wa tsoka. Ngakhale m'mayiko olemera, ambiri amene ali nalo amakalamba osadziwa.

Chifukwa chake n'chakuti zizindikiro zake siziopsa. Mnyamatayo amakula ngati anzake. Akatha msinkhu, machende amakhala aang'ono ndi olimba. Ambiri amakhala ataliatali, a miyendo yaitali, ndevu zochepa, ndipo ena mabere amatukuka pang'ono. Ena saoneka chilichonse. Chimene chimachitika m'kati n'chakuti timachubu topanga mbewu timayamba kuwonongeka kuyambira nthawi yotha msinkhu, ndipo homoni yachimuna yotchedwa testosterone imakhala yochepa. Ambiri amadzadziwa atakwatira, mwana atasowa. Kudziwa kuli ndi phindu lina kupatula nkhani ya ana, chifukwa amuna a XXY amakhala pa chiopsezo chachikulu cha kufooka kwa mafupa ndi matenda a shuga, zinthu zimene dokotala angathe kuziyang'anira.

Vuto lachiwiri lili pa kamtolo ka Y, kamene ndi amuna okha ali nako. Mu 1976, akatswiri awiri a ku Italy, Tiepolo ndi Zuffardi, anaona kuti amuna ena opanda mbewu, kachidutswa ka Y yawo kanali kosowa. Malo amenewo anapatsidwa dzina loti AZF, ndipo pambuyo pake anagawidwa patatu: AZFa, AZFb ndi AZFc. Pamenepo ndi pamene pali malangizo opangira mbewu. Pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 10 amene machende awo sapanga mbewu, kapena amapanga zochepetsetsa, amapezeka ndi vutoli. Munthu wake saoneka chachilendo chilichonse: ndevu zilipo, mawu ndi aakulu, thupi ndi labwino. Nthawi zambiri kachidutswako kamaduka pamene mbewu imene inapanga iyeyo inkapangidwa, kutanthauza kuti bambo ake analibe vutoli. Ndiye mwamuna akamati "bambo anga anabereka ana 9, kwathu kulibe zimenezo", akunena zoona za bambo akewo, koma sananene kanthu za iye mwini.

Malo amene aduka ndiwo amanena tsogolo. Ngati AZFa kapena AZFb yachoka yonse, mbewu sizipezeka ngakhale madokotala atafufuza m'machende momwemo. Ngati ndi AZFc, nthawi zambiri timbewu tochepa timakhalapo.

Palinso amuna amene amapanga mbewu bwinobwino koma anabadwa opanda mitsempha yotulutsira mbewuzo kuchoka m'machende, yomwe ija imadulidwa potseka abambo. Izi zimayenderana ndi jini yotchedwa CFTR, ndipo n'zofala kwambiri kwa azungu kuposa anthu akuda. Dokotala wodziwa ntchito angathe kuzindikira pongogwira ndi manja.

Kulinso vuto la Kallmann, losowa koma loyenera kulidziwa chifukwa lili ndi mankhwala. Mnyamata amafika zaka 16 kapena 18 osatha msinkhu, mawu osasintha, ndipo chodabwitsa n'chakuti samva fungo, kaya la nsomba yowotcha kaya la petulo. Ubongo wake sutumiza uthenga wouza machende kuti ayambe ntchito. Jakisoni wa mahomoni oyenera, woperekedwa kwa miyezi yambiri, amathandiza ambiri a iwo kuyamba kupanga mbewu mpaka kubereka.

Ndipo tisaiwale sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo amene alipo ndithu m'Malawi. Anyamata odwala matendawa amachedwa kutha msinkhu, ambiri mbewu zimakhala zochepa, ndipo ena amavutika ndi kutota kopweteka kosatha. Kutota kotereku kukafika maola anayi, thamangirani kuchipatala, chifukwa kukachedwa kumawononga chiwalocho. Mankhwala a hydroxyurea, amene amathandiza kwambiri odwalawa, amachepetsanso mbewu. Musasiye kumwa panokha, kambiranani ndi dokotala.

Si onse a chibadwa

Tisapotoze nkhani. Kuno kwathu, amuna ambiri osabereka vuto lawo silinachokere m'majini. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino amatseka njira ya mbewu. Likodzo limafika ku ziwalo zoberekera. Matsagwidi akagwira mnyamata atatha kale msinkhu amatha kutupitsa machende ndi kuwawononga. Pali kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'machende, machende amene sanatsike mwana ali wamng'ono, fodya, mowa wambiri. Zambiri mwa izi zimapeweka, ndipo zina zimachizika. N'chifukwa chake kuyezetsa kuli kofunika: munthu wa vuto lochizika asataye zaka, ndipo wa vuto la chibadwa asataye chuma.

Chumacho chikutayika kale. Gondolosi amagulitsidwa m'madepoti ndi m'misika, ndipo pa Facebook ndi WhatsApp padzaza anthu otsatsa mankhwala "owonjezera mbewu". Mu 2008, katswiri wa ku Malawi konkuno, Fanuel Lampiao, ndi anzake a ku South Africa anayesa gondolosi pa mbewu za amuna mu labotale ndipo anaona kuti zinkayenda mwamphamvuko. Koma zindikirani kuti anayesa pa mbewu zimene zinalipo kale, m'kambale. Mtsitsi sungabwezere kachidutswa ka Y kamene kanaduka, sungachotse X wowonjezera. Bambo wa vuto la chibadwa akhoza kutafuna gondolosi zaka khumi, kugulitsa mbuzi ndi njinga kulipira asing'anga ndi aneneri, popanda kusintha kulikonse.

Choopsa china ndi jakisoni kapena mapiritsi a testosterone amene ena amagula okha poganiza kuti homoni yachimuna ichulukitsa mbewu. Zimachita zosiyana. Thupi likalandira testosterone wochokera kunja, ubongo umaleka kulamula machende, ndipo mbewu zimachepa mpaka kutheratu. Madokotala amapereka mankhwalawa kwa amuna a Klinefelter pofuna kuteteza mafupa ndi kubwezera nyonga, osati pofuna kuti abereke.

Fisi akutiuza chiyani?

Makolo athu ankadziwa kuti mwamuna akhoza kukhala wosabereka. Umboni wake ndi mwambo wa fisi, pamene akuluakulu amakonza mwachinsinsi kuti mwamuna wina alowe m'nyumba usiku kuti mkazi atenge mimba, mwana n'kudzatchedwa wa mwini nyumba. Mwambowu unkateteza ulemu wa mwamuna, koma amene ankalipira ndi thupi lake anali mkazi, nthawi zina asanafunsidwe n'komwe. Masiku ano mtengo wake ndi waukulu kuposa kale. Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene HIV ili yochuluka kwambiri m'dziko muno, ndipo fisi wofuna kupereka mimba savala kondomu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yoika moyo ndi ulemu wa munthu pachiswe.

Koma kuletsa kokha sikuchotsa chimene chinabweretsa mwambowo. Banja likufunabe mwana, ndipo mwamuna akuopabe kuchotsedwa pamudzi. Pamene fisi wokonzedwa ndi akuluakulu wachepa, pali amayi amene amadzipezera okha njira mwakachetechete pofuna kupulumutsa banja, palinso abambo amene amayendayenda pofuna kutsimikiza kuti iwo ali bwino. Njira zonsezi zimadutsa pa HIV.

Kuyezetsa kwake n'kotani?

WHO imati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati latha miyezi 12 likugonana pafupipafupi, osalera, popanda mimba. Miyezi itatu kapena isanu si nthawi yoitanira ankhoswe. Mayi akakhala kuti wapitirira zaka 35, ndi bwino kupita pakatha miyezi 6.

Mupite awiri. Kuyeza bambo n'kosavuta, n'kosapweteka ndipo n'kotsika mtengo poyerekeza ndi zambiri zimene mayi amayezedwa, choncho palibe chifukwa choti mayi ayambe wayenda chaka chonse bambo ali kunyumba. Bamboyo amakhala masiku awiri mpaka 7 osatulutsa umuna, kenako amapereka umuna wonse m'kabotolo koyera ka kuchipatala, osati m'kondomu wamba chifukwa mafuta ake amawononga mbewu. Uyenera kufika mu labotale ola limodzi lisanathe. Kumeneko amaunika ndi maikulosikopu, kuwerenga mbewu ndi kuona mmene zikuyendera. Malinga ndi buku la WHO la 2021, amuna ambiri obereka amakhala ndi mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi. Kukhala pansi pa chiwerengerochi sikutanthauza kuti simungabereke, kumangosonyeza kuti mwayi ndi wocheperako.

Zotsatira zoipa za ulendo umodzi si chigamulo. Mbewu zimatenga pafupifupi masiku 74 kuti zipangike, ndipo kutentha thupi kwambiri, monga kwa malungo, kumatha kuzigwetsa kwa miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake madokotala amayezanso kachiwiri. Ngati ulendo wachiwiri mbewu palibe kapena n'zochepetsetsa, amaunika thupi, kukula kwa machende ndi mahomoni a m'magazi. Kuyeza makromozomu ndi Y kumabwera pamapeto, ndipo kumafuna labotale yapadera imene sipezeka pa zipatala zazing'ono. Kwa munthu wa ku Mulanje, poyambira ndi chipatala chachikulu cha boma paboma kapena Mulanje Mission, ndipo zofuna akatswiri zimatumizidwa ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre.

Apa ndi pamene ndondomeko zathu za umoyo zikuperewera. Takhala zaka zambiri tikuika mphamvu pa kulera, ndipo n'zomveka m'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi amabereka ana oposa anayi. Koma izi zachititsa kuti banja losowa mwana lizioneka ngati lilibe vuto loyenera ndalama za boma. Kuwerenga mbewu kumafuna maikulosikopu, munthu wophunzitsidwa ndi kachipinda kachinsinsi. Maikulosikopu alipo kale m'zipatala zambiri chifukwa cha malungo ndi TB. Chimene chikufunika ndi maphunziro, malo oti bambo asachite manyazi, ndi lamulo lophweka kwa azaumoyo: mayi akabwera kudzadandaula za kusowa mwana, mwamuna wake aitanidwe asanayambe kupereka mankhwala.

Nanga zikapezeka kuti n'zachibadwa?

Majini sasinthika, koma njira zilipo, ngakhale n'zodula. Kuchokera pamene Louise Brown anabadwa ku England mu 1978 kudzera m'njira yokumanitsa dzira ndi mbewu mu labotale, yotchedwa IVF, luso lapita patsogolo. Mu 1992 ku Brussels anayamba kubaya kambewu kamodzi kokha m'kati mwa dzira, njira yotchedwa ICSI. Izi zikutanthauza kuti madokotala akapeza timbewu tochepa m'machende mwa opaleshoni yaing'ono, mwamunayo akhoza kukhala ndi mwana wa magazi ake. Kwa amuna a Klinefelter, timbewu timapezeka mwa anayi kapena asanu pa khumi alionse. Kwa obadwa opanda mitsempha, mwayi ndi waukulu chifukwa mbewu zimakhalapo zambiri, koma mkazi ayenera kuyezedwanso jini ya CFTR pofuna kuteteza mwanayo.

Tinene mosabisa: wothyola tiyi kapena wokwera kabaza ku Mulanje sangafikire chithandizo chimenechi. Amalawi ambiri amene achipeza amapita ku South Africa kapena ku India, ndipo ngakhale kumeneko sikuti aliyense amabwerako ndi mwana. Kwa mabanja ambiri, phindu la kuyezetsa ndi lakuti mayi amaleka kumwa mankhwala amene sakuwafuna, ndalama zimaleka kupita kwa ogulitsa zitsamba, ndipo awiriwo amakambirana akudziwa zoona. Ena amasankha kulera mwana wa m'bale wawo, monga mmene mabanja athu akhala akuchitira. Ofuna kutenga mwana mwalamulo amayambira ku ofesi yosamalira anthu paboma, nkhani n'kukathera kukhoti.

Amene angakwanitse ICSI pali chinthu chimodzi choti adziwe asanalipire. Ngati vuto ndi la AZFc, mwana wamkazi sakhudzidwa chifukwa satenga Y. Koma mwana wamwamuna aliyense adzatenga Y ya bambo ake ndi kachidutswa kosowa komweko, ndipo akadzakula adzakumana ndi vuto lomwelo. Madokotala amalangiza kuti banja lifotokozeredwe zimenezi chithandizo chisanayambe, ndiponso kuti mnyamatayo adzauzidwe akadzatha msinkhu, kuti adzayezetse msanga mbewu zikadalipo.